Pemphero Lomwe Linanditulutsa M'Nyumba ya Malamulo

Nkhani iyi ndinkafuna ndidzafe nayo, koma poti ena akuikamba mothira mchere wambiri (ena mpaka akuti ndinagona m'chitokosi, zomwe ndi bodza), ndati bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Ine ndine wapampando wa gulu la amayi pa sukulu ya pulayimale kwathu kuno kwa Zulu, ku Mchinji. Sukulu ndinalekeza sitandade 6, choncho mpandowo sanandipatse chifukwa cha maphunziro ayi. Anandisankha poti sindichita manyazi pagulu, komanso ndine amene ndimatsegula misonkhano ndi pemphero. Kaya ndi msonkhano wa makolo, kaya wa feteleza, kaya ndi tsiku la sikelo ya ana, akangoti "tiyeni tiimirire", aliyense amadziwa kuti mawu otsatira atuluka mwa ine. Zakhala choncho zaka zambiri, moti miyendo ikangowongoka, maso amatsinzina okha.

Vuto lomwe linkatidya mutu pa sukulupo ndi lakuti atsikana otha msinkhu alibe chipinda chosinthira akakhala kumwezi. Zimbudzi zilipo, koma zitseko zake zinadyedwa kalekale ndi chiswe. Ndiye mwana akafika masiku ake amangokhala pakhomo, mwezi uno masiku anayi, mwezi winawo asanu, mapeto ake sukulu amangoisiyiratu. Mwana wanga wachitatu ali sitandade 7, ndiye nkhaniyi sindinkachita kuimva kwa anthu.

Aphungu athu atabwera kudzaona sukulu tinawauza. Ndi munthu womvetsera, ndisawanamizire. Patapita milungu ingapo anaimbira foni ahedi athu, a Mbewe. Anati tsiku lakutilakuti adzalankhula m'Nyumba ya Malamulo za maphunziro, za zipatala, ndi za thandizo lochokera kumayiko akunja. Tsiku lomwelo kudzakhalanso alendo a bungwe lina lakunja lomwe limathandiza masukulu, ndipo aphunguwo awapempha kuti zokambirana zikatha adzatimve mphindi zochepa, m'chipinda china momwemo. "Mubwere ndi mayi mmodzi," anatero. "Nkhani iyi ikufunika pakamwa pa mayi."

Mayi mmodziyo ndinali ine. Sabata yonse amayi anzanga ankandikonzekeretsa kuseri kwa ofesi ya ahedi. ANaphiri (ndi achiwiri anga pagululi, ndipo pakamwa pawo sipadikira) ankakhala pampando atapinda miyendo ngati mlendo wakunja, ine n'kumawafotokozera. Mawu ndinawagwira bwino lomwe, oyamba mpaka omaliza.

Tsikulo tinakwera kabaza mpaka pa Boma, kenaka minibasi ya ku Lilongwe. Pa geti anatisecha. Mafoni tinasiya pomwepo, limodzi ndi kathumba ka mtedza komwe ndinatengera aphungu (aka kanali koyamba kuti ndilowe pakhomo pa munthu wamkulu chimanjamanja). Kenaka mtsikana wina wovala suti anatiuza malamulo a kumtunda komwe kumakhala alendo. "Kuwomba m'manja ayi. Kuyankha zomwe akukamba pansipo ayi. Kudya ayi. Kusinza ayi." Ndinavomera zonse ndi mutu. Ndinamvetsera bwinobwino, ndipo mpaka lero ndimanenabe kuti za kupemphera sanatchule.

M'katimo muli ngati tchalitchi chachikulu, kungoti mumazizira ngati mwezi wa Juni. Ife alendo tinakhala pamwamba, aphungu onse pansi, mbali iyi ndi mbali iyo. Ahedi anandikodola n'kuloza ndi mlomo kumapeto kwa mzere wathu, komwe kunakhala azimayi awiri ndi bambo mmodzi, aliyense ndi kabuku m'manja. "Alendo a bungwe aja ndi awo," ananong'ona.

A Sipika atalowa tonse tinaimirira. Pemphero linawerengedwa papepala, m'Chingerezi, ndipo ndisanaweramitse mutu bwinobwino linali litatha. Ndinadabwa mumtima. Nyumba yonseyi, nkhani za dziko lonse, pemphero ngati la mwana wanjala pa chakudya? Koma kamtima kanatsala kakuti pano ntchito ina sinathe.

Anakamba zina ndi zina zomwe sindinamve, kupatula apo ndi apo. Kenaka a Sipika anayang'ana kumtunda kwathu akuwerenga kapepala, ndipo ndinamva dzina la Mchinji ndi la sukulu yathu.

"Akutilandira," anatero ahedi. "Imirirani, amayi."

Tinaimirira. Nyumba yonse inacheukira kwa ife, ili zii. Tsono inu owerenga ndiuzeni: kwathu, wapampando akakutchula, iwe waimirira, anthu onse akhala chete akukuyang'ana, amakhala akudikira chiyani? (Pambuyo pake ndinamva kuti umangoimirira, kuwerama pang'ono, n'kukhala pansi. Ahedi anachita zomwezo. Ine sindinawaone, maso anali atatsinzina kale.)

"Tiyeni tipemphere," ndinatero.

Mawu anga ndi omwe ndimapempherera pamaliro popanda chimkuzamawu. Ndinayamba monga ndimayambira nthawi zonse, ndi kuthokoza. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha tsiku latsopano, chifukwa cha ulendo, chifukwa cha dalaivala wa minibasi yemwe anatifikitsa amoyo ngakhale ankathamanga. Ndinamva chitenje changa chikukokedwa, ndinaganiza kuti chakola pampando, ndinangochikutumula. Ndinathokoza chifukwa cha a Sipika ndi banja lawo. Apa ahedi ananong'ona mwamphamvu: "Amayi! Khalani pansi, chonde!" Ndinawamva bwinobwino, ndisaname. Koma pemphero si foni yoti ungadule pakati wina akakuitana.

Pansi paja panayamba phokoso. Ena ankamenya matebulo, wina anakuwa kuti "Amen!", wina kumbali inayo anayankha kuti "Pitirizani, mayi!" Kutchalitchi kwathu anthu akatero ndiye kuti akukuthira mphamvu, choncho ndinakweza mawu. A Sipika ankabwereza liwu limodzi lomwelomwelo, ine ndinangoti nawonso akuvomera m'Chingerezi. Ndinapempherera a mbali iyi ndi a mbali iyo kuti azimvana. Ndinalowa kwa odwala a m'zipatala, ndikuyambira chipatala cha pa Boma.

Ndili m'wodi ya ana, ndinamva manja awiri akundigwira m'mikono, uku ndi uku, mofatsa ndithu. Kwathu munthu akagwidwa ndi pemphero, amayi anzake amamugwira choncho kuti asagwe. Ndinathokoza mumtima kuti kunonso kuli anthu odziwa. Manja aja anayamba kundiyendetsa. Ndinayenda. Tinatsika masitepe, ine ndikupempherera anamwino. "Amen" ndinamunena dzuwa likundiwomba pankhope.

Nditatsegula maso ndinali panja, pakati pa apolisi awiri achizimayi.

"Mwamaliza, mayi?" anafunsa wamkuluyo.

"Ndamaliza."

"Amen. Koma lero simulowanso."

"Mwana wanga, ndatumidwa ine. Ndili ndi mawu oti ndikauze alendo aja."

"Ndamva, mayi, koma lamulo ndi limenelo. Chomwe ndingakupatseni ndi mpando."

Anandipatsadi mpando pamthunzi, pafupi ndi geti, n'kundibwezera foni ndi mtedza. Mulungu amudalitse mtsikana ameneyo, chifukwa anatsegula kawailesi kake, ndipo aphungu athu ataimirira ankandimasulira. "Akuti kumalire kuno ana amayenda mtunda wautali kupita kusekondale. Tsopano akukamba za mankhwala m'zipatala zazing'ono." Analankhula bwino, ngakhale ine wosamva Chingerezi ndinkamva kuti munthuyu sakukakamira mawu. "Apa akuti mabungwe akunja asamangotibweretsera zomwe aganiza okha, aziyamba afunsa eni ake. Akuti n'chifukwa chake lero abweretsa mayi wa kumudzi kuti adzalankhule yekha."

Tinayang'anana. Kenaka wapolisi uja anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatsegula kathumba kaja n'kuyamba kuswa mtedza wa aphungu.

Ahedi anatuluka dzuwa litapendeka, tayi ili pambali.

"Mwakumana nawo alendo?"

"Takumana."

"Mwawauza?"

"Ndawauza mavuto a pa sukulu."

"Za atsikana, aphunzitsi. Mwawauza za atsikana?"

Anayang'ana nsapato zawo. "Amayi, taganizani. Aphungu anangondisiya nawo n'kubwerera m'nyumba muja, akuti kunali kuvota. Azimayi awiri achilendo akundiyang'ana, zolembera m'manja. Ine mwamuna, mkulu wa mpingo, nkhani imene ija ndiiyambire pati? Ndinati ana athu amavutika. Anafunsa kuti amavutika ndi chiyani. Pakamwa panatuluka madesiki."

Sindinawadzudzule. Ndikanayambira pati inenso?

Aphungu anatipeza pa geti pomwepo. Ndinagwada, n'kuwapatsa mtedza womwe unatsala. Sanakalipe. Anandidzutsa, akuti, "Amayi, zikomo potipempherera, timafunikadi. Kungoti ine ndinakuitanirani china." Mawu amenewo ndinayenda nawo m'minibasi mpaka ku Mchinji.

Kumudzi ndinapeza nkhani itafika kale, poti zokambiranazo zimamveka pa wailesi. ANaphiri anandichingamira panjira manja ali m'chiuno. "Apampando, sabata yonse ndinakhala mzungu pachabe ine? Dalaivala tamumva. Banja la a Sipika talimva. Ife tili khutu pa wailesi kudikira kuti mwina ana athu atchulidwa, kaya!"

Patapita miyezi, lole inabwera ndi madesiki. Ndi abwino kwambiri, a miyendo yachitsulo, ndipo tinawalandira ndi nyimbo, chifukwa mphatso sainyoza. Ife amayi tinamweta udzu n'kumanga kabafa kuseri kwa zimbudzi, tinaikamo chidebe ndi sopo. Kakuthandiza, koma mvula ikabwera kamagwa, ndipo atsikana akuluakulu amachita nako manyazi. Tsiku lina m'mawa ndinapeza mwana wanga uja akusesa pabwalo nthawi ya sukulu. Ndisanafunse anati, "Amayi, desiki yanga ndi yabwino, koma sabata ino ikhala yokha."

Aphungu akuti ayesanso kuwaitana alendo aja Nyumba ikadzakumananso, ndipo gulu lagwirizana kuti ulendo umenewo adzapite aNaphiri. Ine ndinakweza nawo dzanja.

Ahedi amati phunziro lake ndi lakuti malo aliwonse ali ndi mwambo wake, munthu uziyamba wafunsa. N'zoona, ndipo ndavomera. Koma ine ndikakhala phee n'kumaganiza, chimandipweteka ndi china. Dziko lonse linali chete kundimvetsera, alendo aja ali pomwepo ndi zolembera zawo, ine n'kuyamba ndi dalaivala. Ndikanayamba ndi atsikana.