Mawu a Nachisale mu Sutikesi ya Pulofesa

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndili ku msonkhano wa anthu ophunzira, mutu wake "Anthu Opanda Mawu". Pakhomo ndinamva Pulofesa Chimkwende akuuza mzungu wina kuti, "Amphawi onse a dziko lino amayankhulira pakamwa panga." Ndinasuzumira m'kamwamo. Munali samusa.

Ndiye ndikuti ndikhale, mpando unandifunsa, "Adokotala, nanunso mwabwera kudzatiyankhulira?" Ndinakhala ndi thako limodzi.

Mwadzidzidzi wapampando anamera nthenga, nasanduka nkhukundembo, nayamba kulemekeza alendo mmodzimmodzi, maudindo ndi madigiri omwe, mpaka dzuwa linalowa nkutulukanso. Ndiye panalowa mayi wa nsalu yakuda, wopanda nsapato, dengu lothyolera tiyi lili kumsana. Anatsegula pakamwa, zii. Linayankhula ndi dengulo.

"Awa ndi a Nachisale a ku Thyolo. Pulofesa anabwera kumunda ndi kawayilesi kojambulira, nati akungobwereka mawu awo. Sanabweze. Amuna awo amwalira dzulo, mtembo uli pamphasa, ndipo akuchimuna akuti mkazi wosalira maliro ndiye wadya mwamunayo. Akapanda kulira lero, awathamangitsa pamudzi."

Pocheuka, Pulofesa anali atasanduka khwangwala, kolala yoyera ili m'khosi.

"Amayi, mawu anu ali bwino kwambiri," anatero khwangwala. "Anafika mpaka ku Ulaya. Anthu anaimirira powaombera m'manja!"

"Mafunso tikamwa tiyi," inatero nkhukundembo.

"Tiyi wake uti?" anafunsa makapu onse pamodzi. "Wathyola ndani?"

Ndiye mwadzidzidzi sutikesi ya Pulofesa inatsokomola, zipi n'kuthetheka. Munatuluka mawu a asodzi, a alonda, a amayi ophwanya miyala, kuti wii ngati ngumbi. Mawu a Nachisale anatuluka pomalizira, atavala jekete, akuyankhula Chingerezi cha m'mphuno. Mayiyo anawagwira pakhosi, kuwavula jeketeyo, kuwameza.

"Mboni ndinu nonse," linatero dengu. "Abweza."

Tonse tinatulutsa zolembera. Inenso, osanama, ndinali nditapeza kale mutu wa buku langa latsopano. Mayiyo sanatiyang'ane n'komwe. Anatembenukira ku Thyolo, manja kumutu: "Mayo ine! Abambo a Tiyanjane, mwandisiyira yani?"

Magalasi a mazenera anasweka, madigiri anayoyoka m'makoma. Khwangwala anakweza phiko nafunsa ngati alipo angamasulire.

Kulirako kunapitirira, kukutalika, kukutalika, mpaka kunasanduka "Mpiruuu! Tomatooo!"

Ndinadzidzimuka. Kunja kutayera, pageti pali mayi wogulitsa masamba. Ndiye ndinamva akazi anga akumukalipira pazenera: "Amayi, tsitsani mawu! Bambo agona mochedwa, amalemba za anthu opanda mawu."