Geti Lakuda la a Jeremiah

Inu, tamverani za a Jeremiah, owotcherera zitsulo pa Mitundu. Luso ali nalo ndithu, koma matama, mayo ine! Atangogula laputopu yapakaunjika n'kuikamo pulogalamu yojambulira mapulani, anasiya kulonjera wowotcherera mnzawo wa tsidya la msewu, ati iwo sacheza ndi anthu ojambula mageti padothi ndi msomali.

Ndiye kunabwera mayi Jacinta a ku Nathenje, mphunzitsi wopuma, akufuna geti lakuda loti mbuzi zisamawathere masamba. Ntchito yooneka chiyambire chaka inali yomweyi.

"Bwerani Lachisanu mudzalione pakompyuta lisanabadwe," anatero a Jeremiah.

Lachinayi anakhala pansi, kusankha mtundu wa mizere, kujambula. Pagalasi pangoti bii! Kujambulanso, bii! Anapukuta galasi ndi malaya, anauzira mabatani ngati akukoleza mbaula, anakatchajitsa batire kwa ometa, koma ayi ndithu. Anajambula kasanu n'kanayi, thukuta lili kamukamu, mpaka anayamba kukayikira mnzawo uja kuti wawapitira kwa sing'anga. Mantha anawagwira zenizeni, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lachisanu mayi aja anatsika minibasi.

"Geti lija?"

"Lilimo mayi, kungoti netiweki."

"Geti limayendera netiweki?" Anavala magalasi n'kusuzumira. "Mizereyo mwaipatsa mtundu wanji?"

"Wakuda, monga munanenera. Ine kasitomala ndimamumvera."

"Nanga pomwe mukujambulapo m'potani?"

"Pakuda."

"Bambo, ine ndaphunzitsa zaka makumi atatu. Sindinaonepo munthu akulemba pabolodi ndi khala."

A Jeremiah anasintha mizere ija kukhala yoyera. Abale inu! Mageti onse asanu ndi anayi anatulukira kamodzi, opingasana, lina chagada, lina lopanda mwendo, ngati mulu wa zitsulo zakutha.

"Apa mbuzi sizingalowedi," anatero mayi aja, "ngakhale mwini nyumbane. Tajambulani pansi ndione, apo ayi ndiwoloka msewu."

Bambo aja anagwada padothi, msomali m'manja, ndipo posakhalitsa geti linaoneka, lowongoka bwinobwino. Ntchito anaipeza. Laputopu nayo inathandizako, anatsindirira nayo tepi yoyezera kuti isathawe.

Ali chigwadire choncho, mawu anamveka kuchokera tsidya lija:

"Achimwene! Mwabwerako kukompyuta? Msomaliwo ndi wanga uja, mukatha mundibwezere!"