Mapemphero a Kapitawo

Nkhani iyi ndimafuna kupita nayo kumanda, koma alamu anga a Rozina aifalitsa kale kuchigayo ndi kumjigo, ndipo akumaithira mchere. Bola manyazi angawa ndiwafotokoze ndekha.

Ine ndine mkamwini pamudzi pano, kuseri kwa Chitakale. Ndinathyola tiyi kuesiteti mpaka msana unapindika, ndipo pondipumitsa ntchito anandipatsa bulangete ndi kundigwira chanza. Ana anga awiri ali ku Joni. Akaimba foni n'kumva kuti ndikadali moyo, amati netiweki yavuta.

Mkazi wanga Edina atamwalira, abale ake anagawana zonse: mapoto, mbuzi, akalulu a m'khola, ngakhale mtondo. A Rozina, mng'ono wake wa malemuyo, ndi amene ankaloza ndi chala. Ine anandisiyira nyumba yodontha ndi kalulu mmodzi wokalamba, woyera, wa khutu limodzi logwa. Ameneyu sanali wandiwo. Edina ankamulera ngati mwana, ndipo anamutcha Kapitawo chifukwa ankangokhala pamthunzi n'kumatafuna, ena akugwira ntchito. Tsiku logawana katundulo ndinalumbira pamaso pa onse kuti pakhomo pa a Rozina sindidzapemphapo kanthu, ngakhale moto.

Edina anali ndi chizolowezi chake. Madzulo ankafunditsa khola la Kapitawo ndi chiguduli, osachichotsa mpaka dzuwa litatulukira pamwamba pa phiri. Ndikafunsa ankati, "Musiyeni, a Kapitawo akupemphera." Ndinkangoseka. Atapita iye, ndinapitiriza kufunditsa, osadziwa chifukwa chake chenicheni.

Tsiku lina tulo tinatha msanga. M'nyumba munali zii, wolankhula naye panalibe. Ndinati ndikampatse moni mnzanga, n'kuvundukula chiguduli chija.

Ndinampeza atapinda msana, mutu uli pakati pa miyendo, akudya zotuluka kumbuyo kwake. Sizinali timibulu touma tija ayi, koma zofewa, zonyezimira. Ankatafuna maso atatsinzina ngati mwana amene wapatsidwa switi.

"Kapitawo, zafika pamenepa?"

Ndinakhala pansi. Ndinati ndi njala basi. Chichokereni Edina ndinkangomponyera chisoso ndi udzu. Anthu akanaona akanati mkamwini uja walephera ngakhale kudyetsa kalulu mmodzi wa mkazi wake.

Ndinayamba kumudyetsa ngati manijala. Buledi woviika mu tiyi wa shuga, mandasi, nthochi zakupsa, phala. Ine ndinkagonera kholowa wopanda tomato. M'mawa ndikavundukula, yemwe uja, mutu pansi.

Apo ndinati si njalanso, ndi khalidwe loipa limene walitola chifukwa cha chisoni. Anthu ena akaferedwa amayamba mowa, uyu wayamba izi. Ndinadula chigubu chakale, kuchiboola pakati, kukulunga kansanza m'mphepete kuti chisamucheke, n'kumuveka m'khosi ngati kolala ya abusa. Anayesa kupinda mutu, analephera. Ndinadziona wanzeru kuposa onse amene anapita kusukulu.

Sipanatenge nthawi, Kapitawo anasiya kudya. Timibulu tinayamba kuchepa, kenako tinasiyiratu. Ndinkasesa m'khola, kudikira, kusuzumira: mbee. Mimba inafufuma n'kuuma ngati mpira. Anadzikundikira pakona n'kumakukuta mano. Ndinamuyandikizira buledi, anatembenuza nkhope.

Mantha anandigwira. Pakhomo ponse panalibenso chamoyo china chimene chinagwidwapo ndi manja a Edina. Ndinamukulunga m'chitenje cha malemuyo, chimene ndinachibisa tsiku logawana lija, n'kuuyamba wapansi kupita ku Chitakale, kusitolo yogulitsa mankhwala a ziweto.

Ndinapezako mtsikana wovala gawuni yoyera, mlangizi wa ziweto, msinkhu wa mdzukulu wanga. Anafunyulula chitenje, n'kuima.

"Agogo, chigubuchi ndi cha chiyani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kumunong'oneza zonse. Analuma mlomo kuti asaseke, koma mapewa ankagwedezeka.

"Agogo, akalulu onse amatero. Chakudya chawo chimadutsa m'mimba kawiri. Zofewa zija ndi zimene zimayendetsa mimba yake. Inu mwamutsekera zimenezo, kenako mwamudzaza shuga."

"Onse?"

"Onse. Ngakhale owetedwa ndi azungu."

"Ndiye mapemphero aja..."

"Mapemphero ati?"

Anachotsa kolala ija, n'kumuthira mankhwala m'kamwa ndi sirinji. Anandilangiza kuti ndizimumwetsa madzi pang'onopang'ono, ndizimusisita mimba, ndipo chakudya chikhale udzu ndi chisoso basi.

"Chatsala chimodzi," anatero. "Mupeze kalulu wathanzi, mumuveke chigubu chanuchi usiku umodzi kuti asadye zake. M'mawa mutole zofewazo, musungunule ndi madzi, mumumwetse uyu. Akapanda kuchita chimbudzi mawa..." Anangosisita khutu logwa lija.

Mudzi wonse uno, woweta akalulu ndi mmodzi yekha.

Ndinazungulira nyumba yanga kangapo, Kapitawo ali m'manja, ndikufunafuna njira ina. Panalibe. Ndinatenga kambale ndi chigubu chija, n'kulowera kwa a Rozina. Ndinawapeza akupeta nandolo pakhonde.

"Odi."

"Ii, alamu. Mwasochera? Moto sitigawa kuno."

"Sindikufuna moto."

"Ufa?"

"Ayi."

"Mchere?"

"Ayi."

"Nanga kambaleko n'kachiyani?"

Ndinayang'ana kuphiri. "Ndikupempha manyi a kalulu."

Lichero linagwa, nandolo mbwee pabwalo. Anaseka mpaka kugona chammbali, akumenya pansi ndi dzanja. "Munthu wokana moto uja! Mwayambira apa kupempha?"

Koma atadzuka, maso awo anagwera pa chitenje chimene ndinakulungira Kapitawo. Kuseka kunatha. Anachigwira pakona, n'kuchisisita ndi chala.

"Ichi ndinawagulira ndine ku Limbuli," anatero. Kenako anayang'ana kaluluyo. "Munavundukula chiguduli eti?"

"Mukudziwa bwanji?"

"Achemwali anandiuza kalekale. Ankati bambo a kwathu aja ndi a nseru, akadzaona zimenezi adzamutaya kutchire. Ankamubisa kwa inu, alamu."

Zaka zonsezo ine ndinkati akumuteteza ku mphepo ya kuphiri.

A Rozina anasankha kalulu wonenepa mwa akalulu a Edina aja, n'kumuveka okha chigubu. Kutacha anabwera kwathu atanyamula kambale kovindikira bwinobwino, ngati akupita kukazonda wodwala kuchipatala. Anagwira Kapitawo miyendo, ine ndikumumwetsa ndi supuni. Atachoka ndinakhala pakhonde, kaluluyo ali pamiyendo, ndikumusisita mimba mmene Edina ankandisisitira msana ndikaweruka kuesiteti. Kapitawo ndinamuuza zambiri. Za ana, za bulangete, za denga lodontha. Ndinamuuzanso kuti akandisiya nayenso, pamudzi pano sindidzakhalanso ndi chifukwa chodzukira.

Dzuwa litapendeka ndinamva kanthu kakugwera pa buluku. Kenako kenanso. Timibulu ting'onoting'ono, takuda, touma. Anatambasula khosi, n'kukoka tsamba la chisoso.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinatola timibuluto, kutifumbata, n'kuthamanga, ine amene ndimayenda ndi ndodo. Ndinatulukira pabwalo la a Rozina dzanja lili m'mwamba.

"Wachita, alamu! Wachita!"

Pamenepo m'pamene ndinaona kuti pakhonde padzaza amayi a kwaya, atabwera kudzaphunzira nyimbo za Lamulungu. Nyimbo inadukira pakati. Onse ankayang'ana nkhalamba yopanda nsapato, misozi ili chuchuchu mpaka m'ndevu, itatambasula chikhatho ngati ikuonetsa golide.

A Rozina anasuzumira m'dzanja langa, n'kutembenukira kwa anzawo.

"Amayi, awa ndi alamu anga. Pamaliro a achemwali sanagwetse msozi ngakhale umodzi, tinkati ndi ouma mtima. Kani amadikira manyi a kalulu."

Anaseka onse, ndi ine ndemwe, koma misozi sinasiye. A Rozina okha ndi amene anaona kuti sinali ya kalulu. Anandikokera mpando.

Kapitawo alipo, akutafuna pamthunzi. Ana a pamudzi akandiona amafuula kuti "Wachita, agogo?" ndipo ndimawagenda. Madzulo ndimafunditsa khola, m'mawa ndimadikira dzuwa lituluke pamwamba pa phiri.

Mkazi wako akakuuza kuti wina akupemphera, usavundukule chiguduli.