Chinkhoswe cha Kompyuta ya Tinenenji

Usiku wathawu ndinalota zoti mayi wa ana alibe nazo nthawi, anzanga. Tasunthani ndowayo, Nagama, ndiike beseni langa, ndizikuuzani uku ndikuchapa.

Paja mukudziwa kuti Tinenenji wanga akulemba mayeso a unamwino m'mawa uno, a pa intaneti aja, oti ukachedwa kulowa basi udikire chaka chamawa. Kompyuta yake ndi chimkhalakale chija tinapatsidwa ndi alamu anga, cholira ngati chigayo. Wayifayi sichiidziwa. Ndiye dzulo a Dzimbiri okonza makompyuta anabwera n'kuchibaya kachipangizo m'nthiti, kakang'ono ngati chala cha khanda, n'kulembamo zawo. Akuti, "Mayi, musakhudzenso. Mukayatsa izilumikiza yokha, pasiwedi izikumbukira yokha, akuba iziwatsekera yokha." Ndinangoti chabwino. M'nyumba mwanga simunakhalepo chinthu chochita chokha.

Ndiye ndikulota ndikuchapa, zovala mulu mpaka kudenga. Mwadzidzidzi beseni lija linati, "Make Tine, mukuchapa chiyani kompyuta yanu ikukwatiwa?"

"Ndi yani?"

"Ndi wayifayi. Chinkhoswe chayamba kale. Akuti mubweretse mipando."

Litatchula za mipandozo ndinadziwa kuti nkhani ndi yoona.

Ndiye ndinatuluka, thovu m'manja, n'kupeza pabwalo pathu padzaza anthu. Kompyuta ili pampando, yavala chitenje changa chatsopano chimene ineyo sindinavalepo. Kachipangizo kaja ndiye nkhoswe, kavala jekete, kakuphethira diso labuluu. Pakona pali Tinenenji ndi bolopeni pakamwa, ndipo wotchi ya pakhoma yamera miyendo, ikuyenda pang'onopang'ono kulowera kumsewu.

"Ine ndinakula ndi chingwe," inadandaula kompyuta. "Nthawi yathu mwamuna unkamuona, unkamugwira. Awa oyenda mumphepo ndiwakhulupirira bwanji?"

"Azakhali, khalani chete, woyankhula ndine," kanatero kankhoswe.

Ndiye akuchimuna anayamba kubweretsa anthu ofundidwa zitenje, monga mwa mwambo, kuti mkwatibwi aloze wake. Aliyense dzina lili pachipumi. Wina Musandipemphe, wina Gulani Yanu, wina Kwa Abusa. Onse loko pakhosi, kupatula mmodzi wonenepa amene amagwedera kwambiri.

"Uyu," inatero kompyuta. "Ndi womasuka. Safunsa mafunso."

Atamuvundukula, fisi. M'kamwa mwadzaza zithunzi za anthu ndi manambala awo achinsinsi, akutafuna ngati mtedza. Anandipatsa moni wa ulemu kwambiri, n'kundifunsa tsiku langa lobadwa.

Mwadzidzidzi panaimirira bwana wa ku ofesi ya zachitetezo, wa tayi ndi chikwama. Akuyankhula, minga ikutuluka m'jekete, mpaka anasanduka nungu. Tayi sinachoke.

"Mwambo uime," anatero. "Loko ya mayi okalambawa ndi yachikale, itha kutsegulidwa ndi supuni. Kholo lili kuti? Tikufuna pasiwedi yatsopano."

"Tinenenji," ndinatero.

"Dzina la mwana ayi. Akuba amayambira pamenepo."

"Bambo, wotchi ikupita. Mwana alembe mayeso."

"Pasiwedi, mayi."

"Ndatopa."

"Yafupika."

"Ndatopa kwambiri."

"Muikemo nambala."

"Ndatopa kwambiri ndi anthu asanu ndi mmodzi."

Nungu anatseka maso ngati akulawa ndiwo. "Imeneyo ndi yolimba. Palibe angaiganizire, ngakhale a m'nyumba mwanu."

Ndiye anavundukula mwamuna weniweni. Kanali kabokosi kathu koyera ka wayifayi ka pawindo, ka nyanga ziwiri, koma kali ndi ndevu ngati mbuzi ndipo kakudya tenti. Anthu anaimba nthungululu. Nkhuku anasinthana, tambala uku, msoti uko, kenaka zonse ziwiri anandipatsa ine kuti ndikasosole.

Ndimati zatha, mwana alembe. Mwadzidzidzi kankhoswe kanakweza dzanja.

"Pepani akuluakulu. Ine ntchito yanga ndi kuperekeza azakhali kwa amuna awo m'mawa uliwonse. Nanga wondidzutsa ine ndani?"

Onse anayang'ana a Dzimbiri. A Dzimbiri anali atasanduka bilimankhwe, diso lina kwa ine, lina ku nkhuku.

"Ndi nkhani yaing'ono," anatero. "Pamangofunika kanthu kodzuka zonse zisanadzuke. Kokumbukira zimene ena aiwala. Kotseka zitseko pambuyo pa aliyense. Kosadikira kutumidwa, kosadikira zikomo. Kakamagwira bwino ntchito, munthu sadziwa n'komwe kuti kalipo."

"Kameneko timakagula kuti?" anafunsa nungu.

Ndiye ndinaona anthu onse akutembenuka. Fisi, mbuzi ya pawindo, abusa, ngakhale nkhuku zomwe. Bambo ake a Tine, amene sindinawaone chiyambire mwambo, anatulukira kuseri kwa mphika wa thobwa n'kundiloza ndi kapu.

"Tili nako kale kunyumba."

"Inu, ndili ndi zochapa."

"Muzichapira momwemo, mayi," anatero bilimankhwe.

Ndinayang'ana Tinenenji. Wotchi inali itafika kale pageti, ikukwera kabaza. Ndinati chabwino, bola mwana alembe. Ndiye anandipindapinda ngati mpango, n'kundilowetsa pakabowo ka m'nthiti mwa kompyuta, mutu kutsogolo. Mkatimo, anzanga, fumbi lake. Akangaude, nyenyeswa za buledi, mphemvu yovala magalasi ikuwerenga nyuzi. Inandiyang'ana n'kunena, "Mwachedwa, mayi." Ndipo sindikudziwa kuti tsache linafika bwanji m'manja mwanga, ndinangozindikira ndayamba kusesa.

Chinandidzutsa ndi mpopi uwu, kutsokomola kuja umachita madzi akamabwera. Kunja kutayera kale. Ndinathamangira pabalaza chitenje chili m'manja, ndikuti mwana wachedwa.

Ndinamupeza akulemba. Chigayo chikulira, kadiso kabuluu kakuphethira. Akuti anangodina batani, chinalumikiza chokha.

"Zatheka, Tine?"

Sanacheuke. Anangokupiza dzanja. "Amayi, phokoso."

Bambo ake ali chilili pakhomo, manja kumbuyo, akuyang'ana kachipangizo kaja mwachikondi chimene sindinachionepo pankhope pawo.

"Taona, Make Tine. Kanthu kakang'onong'ono, koma kugwira ntchito kokha osatumidwa. Zinthu zotere n'zosowa. A Dzimbiri tiwapatse nkhuku." Kenaka anandiyang'ana. "Madzi osamba atentha?"

Tandipatsirani sopoyo, Nagama. Malaya awa ndi awo omwewo, ndipo kolala sindinaiyambe n'komwe.