Mkulu Amene Ankagona Pakhomo

Malemu Ambrose Tickell sanamenyepo munthu, koma misana imene anathyola m'tauni muno ndi yosawerengeka. Analemba mabuku asanu ndi awiri a mbiri ya anthu okana zofuna za boma popanda ndewu, ndipo tsoka lathu linali lakuti zimene analembazo ankazichitadi. Mukangosemphana nawo mawu, iwo ankagona pansi, thupi lonse atalilefula dala, kudikira kuti wina awanyamule.

Anagonapo m'basi, ati yasintha njira osafunsa anthu. Anagonapo kwa wophika buledi. Tsiku la ukwati wa mwana wawo anagona pakhomo la tchalitchi pokana mkamwini, mkwatibwi n'kungowadumpha.

Wowanyamula kwa zaka makumi awiri ndi zisanu anali wapolisi wina, Hedley, ndipo ankadana nawo koopsa. Mkuluyo ankalemera ngati thumba la simenti, komanso ali m'malere choncho sankatseka pakamwa.

"Zimene ukuchitazi ndinazilemba m'buku lachitatu, Hedley. Sunawerengebe?"

"Mukadzalemba la kuchepetsa kudya, achikulire, ndidzawerenga."

Kawirikawiri a Tickell ankagona pakhomo la laibulale, imene khonsolo inkafuna kutseka chaka ndi chaka. Hedley ankawachotsa, atolankhani n'kujambula, khonsolo n'kuchita manyazi, nkhani n'kuzizira. Atapuma ntchito, mkazi wake atamwalira, Hedley yemweyo anayamba kuswera m'laibulalemo pafupi ndi chotenthetsera, poti kunyumba kunali zii. A Tickell ankakhala tebulo lina, ndipo awiriwo sankapatsana moni.

Patangotha sabata a Tickell ataikidwa m'manda, khonsolo inatumiza galimoto yodzatenga mabuku. Hedley anaima panja, anatukwana malemuyo chamumtima, kenako anagona pakhomo. Kunkawaza mvula. Apolisi sanabwere, atolankhani ayi ndithu. Amuna onyamula katundu ankangomulambalala n'kumati, "Pepani bambo, tidutseko." Patatha mphindi makumi awiri kuzizira kunamulowa m'mafupa, ndipo anadzuka yekha, manyazi atamugwira. Nkhalamba ija inkatha maola asanu ndi limodzi pamwala womwewo.

Masiku ano m'tauni muno mumayendeka bwino, palibe amene amapunthwa pa munthu, ndipo bata lakelo likusowetsa mtendere. Hedley amaswera pabenchi yodikirira basi, moyang'anizana ndi chitseko chokhomedwa cha laibulale ija, manja ali m'khwapa. Mukamufunsa za malemu, amayamba wayang'ana kumbali.

"Munthu wodzikonda uja," amatero. "Akanadikirako chisanu chithe, kenako n'kumwalira."