Mbale za Apongozi pa Thandala

“Kodi amake Tadala, nsomba zakuda mwayanika apazi n'zamtundu wanji? Zagwidwa ndi chilimila kapena mbedza?”

Anandifunsa choncho ndi amake Esime, aneba anga, atagwira m'chiuno pafupi ndi thandala lathu loyanikapo usipa. Ine ndinayankha monyada kuti zimenezo si nsomba koma chuma cha apongozi. Ndikanadziwa, bwenzi nditathamanga kukaanula nthawi yomweyo. Koma sindinadziwe, ndiye tamverani.

Ndinakwatiwa chitengwa kuno ku Nkope, ndipo timakhala bwalo limodzi ndi apongozi aamuna. Iwowa ali achinyamata anagwirapo ntchito m'hotela ku Joni. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga ndi masutikesi a zovala, koma iwo anabwera ndi bokosi la mbale za galamafoni, zakuda zija za kabowo pakati, zonse za jazi. Mpaka lero akamva kuti kwamwalira munthu amene anapitako ku Joni, amakapepesa maliro, kenako n'kufunsa mwaulemu ngati malemu sanasiye mbale. (Amuna anga amati bambo awo amalira ndi diso limodzi, linalo likusuzumira pansi pa bedi.)

Lamulungu lililonse masana amakwera minibasi kupita ku wailesi ya m'dera lathu, komwe ali ndi pulogalamu ya ola limodzi. Omvera amawatcha Madala a Jazi. Makina oimbira mbale amakhala komweko, poti kwathu kuno kulibe magetsi. Pulogalamu amaitsegula ndi mbale imodzi yomweyo, yofiira pakati, momwe mumalira lipenga ngati munthu akudandaula koma akuseka. Akuti malemu apongozi aakazi anawalola ukwati atavinira limodzi nyimbo imeneyo. A pa wailesi anaifunafuna pa intaneti osaipeza. Ine kunena zoona jazi sindimaimva, ndimangoona ngati oimbawo sanapangane. Koma apongoziwo ndimawalemekeza, ndipo chibwerereni pano anali asanandidandaulepo ngakhale za mchere wa m'ndiwo.

Sabata imeneyo kunagwa maliro ku Lungwena, ndipo apongozi ananyamuka Lachinayi. Asananyamuke anasankha mbale zisanu ndi imodzi, n'kuziika pamwamba pa bokosi.

“Amake Tadala, Lamulungu sindifika pakhomo. Mudzaike izi m'chikwama, mudzandipatsire pa siteji minibasi ikamadutsa. Zisadzagwidwe ndi wina aliyense.”

“Ndamva, Bambo.”

Lachisanu m'mawa kunagwa chimvula champhepo, ndipo denga la apongozi linadontha. Nyumba yonseyo malo anali mbwee, koma madzi anasankha pabokosi pomwepo. Nditalowa kukasesa ndinapeza makatoni ovekera mbale zija atanyowa ngati zigumu zoviika mu tiyi. Amuna anga anali ku Nkhudzi ndi bwato, panalibe womufunsa.

Tsono inu, munthu wa kunyanja chinthu chikanyowa amatani? Usipa timayanika, ukonde timayanika, ufa timayanika, ngakhale foni ya amuna anga itagwera m'madzi tinaiyanika ndipo inadzuka. Mvula itakata dzuwa linatuluka, lija la ku Mangochi lopsereza mapazi. Ndinatulutsa mbale m'makatoni, kuzipukuta bwinobwino, n'kuzindandalika pa thandala pambali pa usipa, motalikirana kuti mphepo idutse. Ndinaikanso timiyala pa makatoni kuti asauluke. Ntchito yake inali yaukhondo, musandinamizire.

Amake Esime atatha kundifunsa funso lija, Tadala anayamba kulira. Ndinalowa naye m'nyumba kukamuyamwitsa, n'kugona naye pamphasa kuti agone msanga. Amene anagona msanga ndi ine.

Podzuka dzuwa linali litapendeka. Usipa unali utauma bwino kwambiri. Mbale nazo zinali zitauma, koma zinali zitasintha maganizo. Ina inali ngati lichero, ina ngati chipewa cha abusa, ina inapindika mbali zonse ngati tsamba la mpiru. Yofiira ija inatukula mbali imodzi ngati ikupereka moni.

“Mayo ine!” Ndinakuwa, amake Esime n'kubwera akuthamanga.

“Iii, nsomba zanu zapsatu.”

“Musaseke, asisi, ndithandizeni maganizo.”

“Chopindika ndi moto chimawongoka ndi moto. Malaya a bambo ake Tadala mumatani?”

Mawu amenewo anandimveka anzeru. Ndinakoleza makala, kuthira m'simbi, n'kuyamba ndi yofiira ija poti ndiyo yofunika. Ndinaiphimba ndi chitenje changa cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi (ndinaganiza kuti mwina chodalitsika chithandiza) n'kusita modekha, kuzungulira, kuzungulira. Kunabwera fungo ngati wina akuwotcha matayala. Povundukula, mbale inali itawongokadi. Inali itasalalanso ngati galasi. Timizere tonse tija tinali titapita, ndipo pamwamba pake panadindika maluwa a chitenje. Ine ndinasangalala. Sindinkadziwa kuti nyimbo imakhala m'timizeremo, ndinkayesa ndi zokongoletsa chabe.

Fungo lija linandiopsa, choncho yachiwiri ndinaitsamiritsa mtondo. Inangoti phwa! Zidutswa zitatu. Ndinazikulunga m'kansalu n'kuzibisa m'thumba la gaga.

Zinayi zotsalazo amake Esime anati zimafuna kulemera kofewa. Loweruka lonse ndinazikhalira. Ndinaziika pampando, kuyala nsalu, n'kukhalapo ngati nkhuku yofungatira mazira. Ndinasankha usipa nditakhala pomwepo, kuyamwitsa pomwepo, kulandira alendo pomwepo. Mayi wina wodzagula usipa anandifunsa ngati ndikudwala miyendo. Ine kupirira ndimatha, koma mbalezo zinandiposa. Madzulo zinali chipindikire.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinazibwezera m'makatoni ake pamodzi ndi yofiira ija, kuzipanikiza m'chikwama, n'kupita pa siteji. Ndinali nditakonza mawu oti ndiulule. Koma minibasi sinaime n'komwe bwinobwino, kondakitala akumenya chitseko, apongozi atatulutsa mkono pawindo.

“Zonse zili bwino, amake Tadala?”

“Zili bwino, Bambo. Zauma.”

“Mwati?”

Minibasi inali itapita. (Mboni ndi Mulungu, sindinaname.)

Masana amake Esime anabwera ndi wailesi yawo, pamodzi ndi amayi ena atatu amene sanayambe amverapo jazi chibadwire. Anali atawauza kale. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango.

“Moni omvera nonse, kuno ndi Madala a Jazi. Monga mwa nthawi zonse, tiyambe ndi lipenga lathu.”

Kunamveka fwiiii, kenako zii. Anayesanso. Fwiiii, zii. Wailesi inakhala chete nthawi yaitali moti amake Esime anayamba kugogoda mabatire.

“Pepani omvera, lipenga lero lachita manyazi. Tiyese ina.”

Inayo inayamba bwino, kenako woimba anayamba kukwera ndi kutsika ngati ali m'bwato nthawi ya mphepo ya mwera. Singano inalumpha, woimba n'kubwereza mawu amodzi kasanu. Munthu wina anaimba foni kuchokera ku Makawa kuti nyimbo imeneyo ndiye jazi weniweni, aibwereze. Amayi aja anagubuduka pansi.

Kenako apongozi anatsokomola pang'ono.

“Omvera, pa zaka zonse ndasunga mbalezi sindinaonepo mbale ya maluwa. Sindinaonenso mbale yokhala ndi mamba a usipa. Ndipereke moni kwa apongozi anga ku Nkope, amake Tadala, amene ndikudziwa kuti akumvera. Amayi amenewa pa nkhani yoyanika palibe wowaposa. Ofuna usipa wouma bwino, pitani kumeneko.”

Boma lonse la Mangochi linamva. Ndinalakalaka kulowa m'thumba la gaga momwe munali zidutswa zija.

Atafika madzulo anakhala pakhonde, chikwama pamiyendo. Ndinagwada chapatali n'kufotokoza zonse, kuyambira kudontha kwa denga mpaka kufungatira. Pa mtondo anatseka maso. Pa kufungatira mapewa awo anagwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka. Kenako anatulutsa yofiira ija, n'kumaisisita ndi chala pamene panali timizere. Apo ndiye ndinalira zenizeni.

“Yachisanu ndi chimodzi ili kuti?”

“M'gaga, Bambo.”

“Isiyeni komweko, nkhuku nazo zimveko jazi.” Anapumira m'mwamba. “Dengalo malemu apongozi anu aakazi anandiuza kalekale kuti ndikonze. Dzukani, mwana akulira.”

Sanandikalipire, koma chilango anachipeza. Kuyambira sabata yotsatira, pulogalamu amaitsegula poimba lipenga lija ndi pakamwa, papapaa papaa, mpaka mpweya kuwathera, kenako amati, “Mwaimva pakamwa chifukwa cha dzuwa la ku Nkope.” Lamulungu lililonse. Pamsika anthu akandiona amangoyamba papapaa. Usipa wokha ndiye ukuyenda malonda, poti aliyense akufuna kuona thandala lake.

Amake Esime amati ndaphunzirapo kanthu. Kaya. Dzana buku la nyimbo la apongozi linagwera m'ndowa, ndipo ndinazindikira ndili kale pakati pa bwalo, buku m'manja, ndikuyang'ana kumene kuli dzuwa.

Zomwe zinatayika ndi izi: mbale zinayi zopindika (imodzi ndimaikamo tomato), imodzi yosweka, imodzi yosita, chitenje cha chigwirizano, ndi dzina langa, poti pano ndine amake Jazi.