Khoka Linagwira Mgolo wa Kampani

Pulani inabadwira kuseri kwa nyumba ya mayi Pauline, otcheza kachasu ku Senga Bay, Lachitatu masana, botolo lachiwiri la kachasu lili pakati. Anaibereka ndi Lenard, amene anthu ankamutchula kuti Sajeni. Kunkhondo ya ku Bama anapitadi, koma anzake obwerera naye ankati ntchito yake kumeneko inali kusenda anyezi. Iye sankatsutsa. Ankangoti anyezi a kunkhondo ndi ena.

Kumanja kwake kunali Masautso, dzina lina Injiniya, chifukwa anatsukapo lole ya Mgiriki kwa miyezi itatu. Kumanzere kunali Ramadhani, msodzi wotchedwa Mlamba, amene kachasu ankamwera m'kapu ya tiyi kuti wodutsa asadziwe.

"Tamverani, anyamata," anatero Sajeni. "Botolo la palafini linali tiki. Lero ndi sikisi, mtengo wowirikiza. Ukafunsa akuti nkhondo. Nkhondo yake iti? Nkhondo ndinaimaliza ine."

"Munaimaliza, Sajeni," anavomereza Injiniya.

"Kalaliki wa kusiteshoni ku Salima wandiuza yekha. Migolo ya Kampani ya mafuta ikamalowa m'dziko muno, boma silitolerapo kanthu. Akuti aikhululukira msonkho kuti itukule dziko."

"Dziko liti?" anafunsa Mlamba.

"Bwana wa Kampani wagula galimoto yachiwiri. Kapena dziko lake ndi limenelo."

"Ine msonkho wa nyumba anandithamangitsira mpaka m'bango," anatero Injiniya. "Nyumba yake yopanda ndi chitseko chomwe."

"Ndiye mwamva. Ife sitikukaba, aise. Tikukatolera msonkho umene boma laiwala."

Mlamba za boma sizinkamukhudza kwenikweni. Iye anali mkamwini pamudzi wa kugombe, ndipo kunyumba nyali ya koloboyi inali itauma sabata zitatu. Mkazi wake Zuleka anali ndi khanda la miyezi itatu. Matewera ankasintha ndi muuni wa udzu, ndipo Lolemba denga linatsala pang'ono kupsa. M'mawa mwake Zuleka analankhula osakweza mawu, manja akufinya thewera.

"Bambo a Sakina, mwanayu ndikumupukuta mongopapasa. Lachisanu likadutsa mulibe botolo la palafini m'manja, ndikauza amalume akuperekezeni kwanu ku Nkhotakota."

Amalume akewo anali Che Abdulkarim, ankhoswe a ukwatiwo. Analinso mlonda wa mpanda wa Kampani, pakachitunda pamwamba pa gombe, pamene lole yochokera kusiteshoni inkatsitsa migolo yodikira maboti. Mlamba ndiye ankadziwa kuti Lachisanu masana mkuluyo amatseka mpanda n'kupita kumzikiti pamodzi ndi mudzi wonse.

"Ola lathunthu," anatero Sajeni. "Ku Bama ola limodzi tinkalanda nalo phiri. Tithyola loko, tigubuduza mgolo mpaka m'madzi, tiumangirira kubwato, tikaubisa m'bango kuseri kwa miyala. Kenako botolo botolo, mtengo wa abale."

"Sumira?" anafunsa Mlamba.

"Mafuta samira," anatero Injiniya. "Ndinaziona pa lole."

Momwe anaziwonera pa lole, palibe anamufunsa.

Lachisanu, shehe atangoitana anthu ku swala, atatuwo anakwera chitunda. Sajeni anali atanyamula mpiringidzo wachitsulo. Atafika anapeza kuti chitseko cha mpanda, mbali ya kumahinjesi, chinangomangidwa ndi luzi, loti mwana akhoza kumasula. Sajeni analiyang'ana luzilo, n'kuyang'ana mpiringidzo umene anavutika nawo kuchokera kunyumba.

"Tithyolabe loko," analamula.

Kuthyolako kunadya nthawi yokwanira kuphika nyemba theka. Mlamba ananunkhiza migolo mmodzimmodzi kuti asatenge wa petulo, ndipo atapeza wa palafini anaugwetsa n'kuukankhira kutsetse. Za kutsetseko pulani sinanenepo. Mgolo unawasiya kumbuyo, unaphwanya thandala la usipa la munthu wina, n'kukalowa m'nyanja wokha ngati wakwawo. Atalowa m'bwato la Mlamba anaupeza ukuyandama, msana wokha uli kunja, ngati mvuu yosafuna mlandu.

"Mwaona?" anatero Injiniya.

Tsono mgolo ulibe chogwirira. Anaukulunga chingwe, chinapulumuka. Anaukulunganso, chinapulumukanso, Sajeni n'kugwa chagada m'bwato. Mlamba anali msodzi wa ana asodzi, ndipo msodzi chinthu choterera m'madzi amachidziwira njira imodzi yokha. Pamchenga panali khoka la mkulu wina wa m'mudzimo, a Jameson, ataliyanika. Analitenga, anaukuta mgolowo bwinobwino, zingwe ziwiri za khoka n'kuzimangirira kubwato.

Anapalasa. Mwera unali utayamba. Anapalasa mpaka mikono kuwotcha, Sajeni akuwerengera nkhafi mwachisilikali. Mlamba atadzutsa mutu anaona mtengo wa mkuyu wa pagombe uli pamalo pomwe paja, kungoti tsopano anali atatalikira gombe.

"Sajeni, sitikuyenda. Tikungopita pakati."

"Ku Bama zimenezi tinkazitcha kubwerera mwadongosolo. Tiukokere kumtunda, tiukwirire mumchenga, tidzaufukule mawa."

Anamasula zingwe, anapalasa bwato lopanda katundu mpaka kugombe, n'kuyamba kukoka ali pamchenga: Mlamba chingwe chimodzi, Sajeni ndi Injiniya chinacho. Mgolo unabwera pang'ono, n'kutsakamira pamchenga wa pansi pa madzi. Anakoka, misana itawerama, zidendene zitazika. Ndiye nthawi imene mzikiti unatuluka.

Kugombe kuno chingwe cha khoka chili ndi lamulo lake. Ukaona anthu akukoka, sudikira kuitanidwa, umangogwira. Mwini khoka sangakuthamangitse, ndipo khoka likatuluka sungabwerere chimanjamanja. Wakhungu amagwira, wamimba amagwira, mlendo wongodutsa amagwira. Ndiwo za mabanja ambiri zimachokera pamenepo.

Amuna a mikanjo yoyera anatsika gombe akupinda manja a malaya. Amayi anatuluka m'nyumba. Gogo Nafisa, amene kuyenda kwake kunali kwa ndodo, anagwira kumapeto ndi zala ziwiri. Mlamba atacheuka anaona Zuleka, Sakina ali kumbuyo, atakulunga chingwe kudzanja. Wapolisi Kenneth, amene anapalasa njinga kuchokera ku Salima kudzaona ziphaso za njinga, anatsamiritsa njinga yake pamkuyu, anavula nsapato, n'kugwira nawo. Mkazi wake anali atamutuma ndiwo.

"Sajeni," ananong'ona Mlamba, "auzeni asiye."

"Unamuonapo munthu wouza anthu kuti asiye chingwe? Ukufuna atigende?"

Kumbuyo kwa Mlamba kunamveka kupuma kodziwika. Anali Che Abdulkarim.

"Akamwini, kumzikiti sitinakuoneni."

"Eee, amalume. Kunali... nyanja inaoneka bwino."

"Khoka masana ano, mwera uli chonchi? Koma kulemera kwakeku, walahi, mwagwira zenizeni. Limbikani, mwana wanga. Ndinkakuyesani waulesi." Atatero anakweza mawu kutsogolera anthu: "Kokaniii!"

"Hiyaa!" linayankha gombe lonse.

Mgolo umene unakana amuna atatu sunalimbane ndi mudzi. Unabwera mwaulemu. Khoka litafika pamchenga munali mgolo umodzi, nkhanu ziwiri ndi kambuzi wosakwana dzanja.

Onse anasiya chingwe n'kuuzungulira mgolowo. 

Che Abdulkarim anauyang'ana mgolo. Anayang'ana kuchitunda, kumene chitseko cha mpanda chinali chitayasama. Anauyang'ananso mgolo. Anali munthu wa ana asanu ndi awiri, ndipo ntchito ya ulonda inali imodzi yokha.

"Wagwa m'sitima umenewu," anatero. "Nyanja yapereka. Riziki, mphatso ya Mulungu."

"Riziki," anavomereza shehe.

Onse anatembenukira kwa wapolisi. Kenneth ananunkhiza pachitsekerero cha mgolo, n'kuganiza mofatsa.

"Zotuluka m'khoka si za polisi," anatero. "Alipo angandibwereke botolo?"

Mudzi unathamanga. Anabwera ndi mabotolo, zigubu, zikho, ketulo ya kumzikiti. Mlamba anamva mtima wake ukubwerera m'malo mwake. Sanagwidwe. Amalume amutcha mwana wawo. Botolo limodzi la gawo lake linali lokwanira kupulumutsa banja. Anaima pamzere kumbuyo kwa Sajeni, botolo lobwereka lili m'manja, n'kuyamba kuganiza kuti mwina Lachisanu lamawa akaonekere kumzikiti.

Wogawa anali a Jameson, poti khoka linali lawo. Za momwe khokalo linalowera m'madzi iwo ali mtulo pakhonde sanafunse. Anangodzazitsa madebe awiri, gawo la mwini khoka, n'kuwatumiza kunyumba. Kenako anayamba ndi akuluakulu. Shehe botolo. Che Abdulkarim botolo. Wapolisi botolo. Gogo Nafisa botolo, n'kuwonjezeredwa chikho chifukwa cha ukalamba. Amayi, aliyense lake. Mgolo unayamba kulira ngati ng'oma, anyamata akuupendeketsa kwambiri kuti mutuluke kanthu.

Sajeni atafika, a Jameson anamuthirira theka.

"Bwanji theka?"

"Ndimakuona, Lenard. Umangogwira chingwe ngati ukuyanika zovala. Wotsatira."

"Ine? A Jameson, mukunena ine?"

Mlamba anamutsina m'nthiti. "Landirani, Sajeni. Tiyeni tizipita."

"Ndisiye! Gogo uyu wagwira ndi zala ziwiri, botolo ndi chikho. Inu mwagona pakhonde, madebe awiri. Ine theka?"

"Khoka ndi langa," anatero a Jameson. "Iwe wabweretsa chiyani?"

"Ndabweretsa chiyani? Mgolowu! Mukuganiza kuti unagwa m'sitima? Sitima yake iti yadutsa sabata ino? Pulani ndi yanga! Ndauchotsa kumpanda wa Kampani uko ndi manja anga, ine ndi anyamata angawa, Injiniya ndi Mlamba. Loko ndathyola ndine!"

"Loko ndathyola ndine, Sajeni," anatero Injiniya. "Inu munangogwira chipewa changa."

Onse anatembenukiranso kwa wapolisi.

Wapolisi Kenneth anatseka botolo lake ndi chitsononkho, anapita kukalimangirira bwinobwino kuchiwongolero cha njinga, anavala nsapato, n'kumanga zingwe zake zonse ziwiri. Atatha ndiye anabwerera.

"Ndinayesetsa kusamva," anatero. "Koma mwakuwa."

Popeza unyolo anali nawo umodzi wokha, anapempha a Jameson chidutswa cha chingwe, n'kuwamanga atatuwo m'chiuno mondondozana.

"Astaghafirulahi," anatero Che Abdulkarim, botolo lawo likulowa mumkanjo. "Mkamwini wanga yemwe. Tsono a polisi, mafuta amene anthu atengawa?"

"Mafuta ati? Ine ndapeza mgolo wodontha. Ndilemba choncho. Ndilembanso kuti mlonda ndiye anatsogolera anthu kuutulutsa m'madzi."

"Nanga Kampani, bwana?"

"Musaidandaulire, Che. Kampani siluza. Mgolo umenewu tiulipira tonse mwezi wamawa, botolo likakwera."

Anthu anayamba kubalalika, aliyense atafukata chake. A Jameson anatenganso theka la Sajeni lija, akuti la kusokera khoka. Mlamba anaima pachingwe, pakati pa anzake, botolo lobwereka lili lopanda kanthu m'manja, mpaka mwini wake anabwera kudzalitenga.

Zuleka anafika pomaliza. Mwana anali atagona kumsana, ndipo m'dzanja lamanja munali botolo lodzaza mpaka m'khosi. M'zikhato mwake munali mizere yofiira ya chingwe.

"Mayi a Sakina," anatero Mlamba, akuyesa kumwetulira, "mwaona? Lachisanu silinadutse. Palafini wafika pakhomo."

"Wafika ndi ndani?"

"Ndiye kuti... mgolowo ndinaugubuduza ndine."

"Ili ndakoka ndekha, mwana ali kumbuyo. Onse aona." Anatembenukira kwa wapolisi. "Achimwene, zoterezi amakhala miyezi ingati?"

"Akakhala ndi mwayi, isanu ndi umodzi."

Zuleka anakweza botolo, n'kuliyang'ana padzuwa, milomo ikuyenda pang'ono.

"Likwana, ndikamazimitsa nyali msanga," anatero.

"Tsono za ku Nkhotakota zija?" anafunsa Mlamba. "Amalume ali pompano. Muwauza?"

"Akuperekezani kale a boma. Amalume apume." Anakonza nsalu ya mwana paphewa. "Mukatuluka mudzandipeza. Koma musadzagogode chimanjamanja, bambo a Sakina. Botolo lanu lija simunabweretse."

Kenneth anakwera njinga, n'kukoka chingwe. Ulendo wa ku Salima unayamba, wapolisi patsogolo, botolo likugunda chiwongolero, atatuwo akuthamanga pang'onopang'ono pambuyo. Atadutsa mkuyu, Sajeni anatembenuza mutu.

"Anyamata," anatero, "kupolisi kuli mgolo wa petulo. Ndinauona."